Mimba Imene Inatsala Pang'ono Kundiphera Mkazi

Inu akumbuyoko sendererani kuno, abale anga, mawu anga safikanso patali ngati kale. A enfermeiro, anamwino a pano, andipempha kuti ndicheze nanu, inu amene mwauzidwa lero kuti tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, yakwera, shuga wakwera, thupi lichepe. Ndimakuyang'anani mukutuluka m'chipinda muja. Ena mwakwiya, ena mukuseka, ena mwalumbira kale mumtima kuti kuyambira mawa simulawanso kanthu. Nonsenu ndikukudziwani. Dzina langa ndine Domingo, mbadwa ya konkuno ku Tsangano, ndipo zimene ndikuuzenizi zinandigwera nthawi ya nkhondo.

Pa unyamata wanga ndinali wokweza katundu. Makamiyau, malole aja, ankabwera kudzatenga kachewere, ife n'kumaponyamo matumba. Anzanga ankagwira thumba limodzi anthu awiri. Ine ndinkaika lina paphewa ili, lina paphewa ili, n'kukwera pathabwa ndikuimba nyimbo. Ankanditcha Matumba-awiri. A Marita anandilola ndili wotero, ndipo Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, Lusiya.

Nkhondo itafika, makamiyau analeka kubwera, ntchito n'kuthera pomwepo. Koma pa sede pano, pamene pali maofesi a boma, panadzaza asilikali. Msilikali amene wapulumuka lero sasunga kanthu ka mawa, amafuna nyama ndi mowa. Ndinamanga kabaraka kuseri kwa msika, n'kumakazinga nkhumba ndi kugulitsa kachasu. Wogula aliyense ankanditcha patrau, ndiye kuti bwana, n'kumati, "Patrau, yambani ndinu, tione ngati mulibe mankhwala." Ine n'kulawa. Wina akabwera, n'kulawanso. Zikopa ndi mafuta otsala m'chiwaya sindinkataya, ndinkakombeza ndekha. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa ndili pampando umodzi, chiwaya kuno, botolo uku.

Anthu onse ankawonda, ine ndekha ndikufufuma. Ndinkayesa ulemu. Lamba anakana, ndinamangira chingwe. Kumanga nsapato kunasanduka ntchito yopumira kawiri. Dzina la Matumba-awiri linafa osaikidwa m'manda, ana n'kumandiitana a Chimimba. Amake Lusiya anandichenjeza. Anati, "Bambo a Lusiya, masiku ano munthu wonenepa amaonekera patali. Akuthengowo akabwera amayang'ana mimba ndi zikhatho kuti adziwe amene akudya ndi boma." Ine ndinaseka, n'kuwauza kuti njala ndiyo imawayankhulitsa.

Zinthu zitayamba kuipa, Lusiya tinamutumiza kwa azakhali ake kutsidya kwa malire. Pasanapite nthawi, amake Lusiya akupita kudimba ndi mnzawo, anaponda bomba lokwirira pansi, lija tinkati mina. Mnzawoyo anafera pomwepo. Iwo anabwerako kuchipatala ndi ndodo ziwiri, mwendo wamanja utathera m'munsi mwa bondo. Mukuganiza kuti ndinasintha? Ndinawonjeza mowa. Kubaraka kunali kosavuta kukhalako kusiyana ndi kunyumba kumene ndinkamva ndodo zija zikugogoda pansi.

Tsono inagwa mvula yoyamba. Masiku amenewo anthu ankafika kuchokera cha ku Ntengo-Wambalame, mitolo pamutu, osafuna kunena chimene anaona. Madzulo utsi unkaoneka kumadzulo, tsiku lililonse pafupi kuposa dzulo lake. Ndiye tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, mfuti inalira cha kusukulu. Inalira kamodzi, kenako zonse pamodzi ngati chimanga pa chiwaya.

Msika unabalalika. Aliyense analunjika kum'mawa, kumtsinje ndi kuphiri. Ine ndinathamangira kunyumba, ndipo sikunali kutali, koma ndinafika pachifuwa pakuyaka moto. Amake Lusiya ndinawapeza pakhomo atamanga kale chitenje m'chiuno. Ndinagwada, iwo n'kukwera kumsana. Mkazi wochepa thupi, wosalemera ngakhale thumba limodzi la kachewere. Kutsikira kumtsinje ndinatha. Kuwoloka ndinatha. Koma titayamba chitunda cha kutsidya, maondo anasungunuka. Tinagwa tonse, chilonda chawo n'kumenyetseka pamwala. Sanalire. Ndinadzuka, kuwabereka, kuyenda pang'ono, kugwanso. Maso anachita mdima, makutu kulira. Amayi okalamba ankatidutsa, ana kumsana, mbuzi pachingwe.

Amake Lusiya anandigwira kolala n'kunena chapansipansi, "Ndisiyeni pano. Lusiya asataye tonse awiri."

Abale anga, ndinamvera. Ndinawakokera m'bango, ndinawaphimba ndi zinyalala za madzi osefukira, ndipo ndinapita. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinathawa n'kukafika kuphiri, koma ngakhale kuthawako kunandikanika. Ndinakwawa mpaka kuseri kwa thanthwe lina pachitundapo, ndinagona chafufumimba ndikusanza kachasu. Ndili pamenepo ndinawaona akutsikira kumtsinje kudzamwa madzi, anthu amfuti ovala nsanza, akukusa anthu athu atawasenzetsa matumba a m'sitolo. Mmodzi anapatuka n'kukaima m'mphepete mwa bango lomwe lija. Anaima nthawi yaitali, akuyang'ana uku ndi uku. Amake Lusiya anadzandiuza pambuyo pake kuti ankaona zala za phazi lake potulukira pa nsapato yong'ambika. Ine mwamuna wawo ndinali potero, ndikuonerera, mkono wosatha ngakhale kutola mwala.

Amfutiwo sanawaone amake Lusiya. Amene anamuona ndi mkulu wina woyandikana nafe, wodwala mphumu, amene ana ake anamukhazika pansi pa mtengo. Zimene anamuchita sindinena, pali amayi pano.

Atapita, ndinatsikira kubangoko n'kufukula zinyalala zija. Amake Lusiya anandiyang'ana, nsalu ya pachilonda ili magazi okhaokha. Anangoti, "Mwabwera." Bola akanandimenya. Madzulo amuna ena anawanyamula pachitseko kupita nawo kunyumba. Amuna ena, mkazi wanga, ine ndikutsatira m'mbuyo ndikupumira m'mwamba.

Patapita masiku, mayi wina mwa ogwidwa aja anabwerera. Anam'masula dala kuti adzapereke uthenga. Uthengawo unali waufupi: "Limani bwino. Tidzabwera nyemba zikauma."

Mwina mukufunsa kuti bwanji sitinasamuke nthawi yomweyo. Akuluakulu sankalola munthu kuchoka pa sede, wochoka ankamuyesa mdani. Komanso chilonda chija chinatseguka ndi kugwa kuja, chinkafunika kutsukidwa ndi wachipatala kawirikawiri. Tinakhala. Tinadzala nyemba ngati wina aliyense, tikudziwa kuti tikudzala tsiku lathu lomwe.

Apa ndipo ndinachita zimene ena mwa inu mwaganiza lero. Baraka ndinasiyira mnzanga wina, a Jeremiya, ndipo ndinalumbira kuti sindidyanso mpaka mimba itaphwa. Madzi okha. Njala ikandipotokola, ndinkaipha ndi kapu ya kachasu, ati si chakudya. Amake Lusiya ankandiikira mbale, ine n'kuikankha. Malaya anayamba kukhwepa, ine n'kumasangalala. Sindinkaona kuti chikuphwa ndi mikono ndi ntchafu, mimba ili pomwepo, yolendewera ngati chisa cha njuchi pa nthambi youma.

Tsiku lina m'mawa ndinatunga ndowa ya madzi kuti amake Lusiya asambe. Ndowa imodzi. Pakati pa bwalo mikono inangomasuka yokha, madzi khuthu, nane ndinakhala pansi m'matopemo. Sindinathe kudzuka. Anandipeza chomwecho a enfermeiro Alberto, amene ankabwera kudzatsuka chilonda chija. Anali munthu wa kutali, wa kumunsi kwa Zambezi, boma linangowatumiza kuno. Chichewa chawo chinali chokhota, chosakaniza ndi Chipwitikizi, koma chinkamveka.

Sanandidzutse. Anaika chikwama chawo pakhonde, ananyonyomala patsogolo panga, n'kutsina mkono wanga m'mwamba umu. Khungu linatambasuka ngati nsalu yonyowa.

"Senyoro Domingo, ichi n'chiyani?"

Ndinati, "Ndikuchotsa mafuta."

"Não. Mukuchotsa Domingo. Mafuta mukuwasiya." Anagwira mimba yanga n'kuigwedeza. "Awa, ali bwinobwino, sakudandaula. Mwadya liti?"

Ndinangoweramitsa mutu. Anandinunkhiza mkamwa, n'kupukusa mutu wawo.

Anati, "Inu ndinu anthu a ng'ombe kuno, mundimva. Thupi lili ngati khomo la munthu waumbombo. Lili ndi ng'ombe zokoka ngolo, ndiyo minofu. Lili ndi nkhokwe yotseka, ndiwo mafuta. Njala ikagwa mwadzidzidzi, ng'ombe zili chigonere osagwira ntchito, mwini khomo amati, izi zikungondithera udzu. Amapha ng'ombe, nkhokwe osaikhudza. Ndi zimene mukuchita inu. Mukafuna atsegule nkhokwe, ng'ombe zizikoka ngolo, ndipo muzizidyetsa. Pamenepo sangaziphe. Adzapita kunkhokwe."

Kenako anatsitsa mawu. "Ndiuzeni chinthu chimodzi. Mukufuna kuwonda, kapena mukufuna kunyamula mayi ali m'nyumbamu?"

Zimenezi ndinali ndisanauze munthu, ngakhale mwini wakeyo. Chitseko chinali chotsegula. M'nyumbamo ndodo zinali zikugogoda, ndipo zinaleka. Ine bambo wamkulu, nditakhala m'matope, ndinalira ngati mwana wolumidwa ndi mavu. A Alberto anadikira mpaka nditamaliza, osandigwira, osanditonthoza.

Anati, "Zimenezo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wowonda ndi njala sanyamula munthu, naye amafuna womunyamula. Nyemba zangomera kumene. Nthawi ilipo, koma yoseweretsa palibe. Dona Marita, muli ndi mazira m'nyumbamo?"

Mawu anachokera m'kati, osanjenjemera. "Alipo awiri. Ndimati ndigulitse."

"Musagulitsenso. Wiritsani."

Ndinadya mazira awiri amenewo ndili pansi pomwepo. Ndipo tsopano tcherani khutu, pakuti zimene anandiphunzitsa ndi zimene ndabwera nazo kwa inu.

Anayamba ndi kachasu. Sanandilole kusiya tsiku limodzi, anati kwa munthu womwa monga ine zimenezo zikhoza kugwetsa ngati khunyu. Anandichepetsera pang'onopang'ono, iwo akundiyang'anira, mpaka kapu inauma. Manja ananjenjemera, thukuta linatuluka lonunkha, ndinatukwana anthu osalakwa. Zinatha. Inu amene mumamwa kwambiri, musakachite nokha kunyumba, kambiranani ndi achipatala.

Za kudya anati ndizidya katatu, osadumpha. Koma mbale inatembenuzika. Kale ndinkamaliza mitanda inayi ya nsima ndi kandiwo kongonunkhiritsa. Tsopano mtanda unali umodzi, waukulu ngati chibakera changa, masamba ochuluka kuposa nsimayo, nkhwani, bonongwe, chisoso, chilichonse chomera, ndiponso chipande chodzaza cha nyemba. Nyemba zakale zofumbwa zomwe zija, zinagwira ntchito. Kachewere wowiritsa ndi makoko ake, osati wosambira m'mafuta. Mtedza wodzaza chikhatho chimodzi, osati lichero. Nkhumba ikapezeka, mnofu wofiira wokha, wootcha, choyera chija kupatsa ena. Ngumbi zitatuluka tinadya ngumbi. Matemba akazembetsedwa kuchokera kutsidya kwa malire, tinagula matemba. A Alberto ankati nyemba, mazira, nsomba ndi tizilombo timeneti ndiwo udzu wa ng'ombe zija, zisasowe m'mbale ngakhale kamodzi. Thobwa lotsekemera ndi tiyi wa shuga anandiletsa. Ludzu, madzi. Ndinkadzuka pambale ndisanakhute kwenikweni, koma njala yochititsa chizungulire ija sinabwerenso.

Ndiye panali thumba. Anandiuza nditenge thumba la kachewere lopanda kanthu, ndithiremo mchenga wochepa, woti mwana akhoza kuseka. M'mawa ndiliike kumsana, nditsikire kumtsinje, ndiwoloke, ndikwere chitunda chimene chinandigwetsa, ndibwerere. Pofika pakhomo, thumba lili kumsana, ndinyonyomale n'kudzuka, kunyonyomala n'kudzuka, mpaka ntchafu zitatentha, koma ndileke ndisanagwe. Kenako kugona chafufumimba n'kumakankha nthaka ndi manja. Tsiku lotsatira thumba lipume, ine ndingoyenda ndawala ndi kugwira khasu kumunda, pakuti mnofu, iwo ankatero, umamera pamene munthu wapuma ndi kugona tulo. Lamulungu lililonse ndiwonjezere mbale imodzi ya mchenga. Sikelo tinalibe, ndipo anati n'zabwino. Muyeso wanga unali chingwe cha m'chiuno ndi kulemera kwa thumba. Chingwe chizifupika, thumba lizilemera. Zonse ziwiri zikamatsika pamodzi, ndiye kuti ndayambanso kupha ng'ombe.

Masiku oyamba ndinkakwera chitundacho chokwawa. Anthu ankaima kumaseka. A Jeremiya, amene anatenga baraka yanga ndi mpando wanga womwe, anali atayamba kale kufufuma. Ankandikuwira ndikamadutsa, "A Chimimba, mchengawo mukaphika ndi chiyani? Bwerani mulawe kachikopa, katentha bwino!" Fungo la chiwaya chija linkanditsatira mpaka kumtsinje. Kamodzi ndinagonja. Kunali maliro, ndinalawa, ndinapezeka ndamaliza botolo. M'mawa mwake thumba linakana kuchoka pansi. Amake Lusiya anangoloza ndi ndodo kumunda, kumene nyemba zinali zitachita maluwa.

Nyemba zinkakula, ife tikuziyang'ana ngati munthu woyang'ana mtambo wa matalala. Chaka chimenecho zinabereka modabwitsa. Palibe amene anakondwa.

Tsiku lina m'mawa, ndili pakati pa chitunda, thumba litafika polemera ngati munthu, ndinamva, "Para! Imani!" Asilikali anatuluka m'tchire mfuti zili chilozere. Mkulu wawo ndinkamudziwa, ankadya kubaraka kwanga. Tsiku limenelo nkhope yake inali ya mlendo.

Anati, "Patrau, baraka munasiya. Mowa munasiya. Thupi lasintha. M'mawa uliwonse mukulowera kuthengo ndi thumba lodzaza. Anthu akuyankhula. Mukudyetsa ndani kumeneko?"

Abale anga, masiku amenewo munthu ankatengedwa pa nkhani yochepa kuposa imeneyi, osaonekanso. Ndinati, "Ndi mchenga, bwana."

Anazungulira kumbuyo kwanga. Ndinamva mpeni wa kumfuti ukulowa m'thumba, ukuyenda, mpaka nsonga yake inandigunda pamsana. Mchenga unayamba kutsika m'miyendo mwanga. Anautapa m'manja, anaufwanyula ndi nsapato kufuna mchere kapena zipolopolo. Analawako ndi lilime.

"Mwapenga?"

Ndinamuuza zonse. Za bango, za thanthwe, za mwendo wa amake Lusiya. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza msilikali wake wina, mwamuna wamtali ndithu. "Berekani uyu mpaka pamwamba. Mukagwa, ndiye kuti mwandinamiza."

Ndinamubereka. Kumbuyo ndinkamva mapazi a mkulu uja ndi kulira kwa chitsulo cha mfuti yake. Cha pakati ntchafu zinayamba kuyaka, mtima ukugunda kukhosi, koma maso sanade. Ndinkangoyang'ana pamene phazi liponde. Ndinamutsitsa pamwamba penipeni, ine ndili chiimire. Mkulu uja anayatsa fodya, anauza anyamata ake atsogole, ndipo atatsala nane anayankhula osandiyang'ana.

"Muzilimbikira, patrau. Zipolopolo zimene tinapempha sizinabwere, ndipo sizibwera. Tsikulo musadzayang'ane kwa ife."

Kuyambira pamenepo mchenga ndinausiya, ndinayamba kunyamula mwini wake. Amake Lusiya anasoka chonyamulira cha masaka, chokhala ndi malamba a m'mapewa ndi pokhalira, kuti manja anga azikhala omasuka. Nawonso anali asanangokhala. Ankadzikoka pa mtanda wa denga kulimbitsa mikono, kuti azidzigwira okha osandikoka khosi. Tinkazungulira nyumba, kenako mpaka kumtsinje, masana anthu akuona. Anaphunzira kuwerama pamodzi nane pokwera, kubweza thupi potsika. Ankandinong'oneza kukhutu, "Mwala kumanzere. Pumani ndi mphuno, bambo a Lusiya." Pa zaka zonse za ukwati wathu sitinayankhulanepo kwambiri ngati m'masiku amenewo. Chingwe cha m'chiuno chinali chitafupika kwambiri moti chotsalacho tinamangira nkhuku. A Alberto anatsinanso mkono wanga, khungu linakana kutambasuka. Anangoti, "Está bom," n'kupitiriza kutsuka chilonda, chimene tsopano chinali chitatsala pang'ono kupola.

Nyemba zinauma. Makoko ankathetheka okha m'munda dzuwa likatentha, ndipo aliyense akamva kuthethekako ankatembenuka. Kunabwera anthu ochokera kutali cha ku Chidzolomondo, mapazi otupa, ena osatha kuyankhula. Agalu anasowa pa sede, sindikudziwa kumene anapita. Chonyamulira chija tinkachipachika pachitseko, botolo la madzi ndi kamtedza zili m'kati.

Linali tsiku lozizira, nkhungu ya kuno mukuidziwa, yoti munthu suona mbuzi ili pakhomo pako. Anthu anali atayamba kupuntha nyemba pamabwalo, mumangomva phu, phu, phu, mbali zonse. Ndiye pakati pa kupunthako panalowa kulira kwina. Ndodo zopunthira zinaleka imodziimodzi.

Ndinagwada, iwo analowa m'chonyamulira, ndinamanga lamba. Potuluka pampanda tinagundana ndi a Alberto akuthamangira kumene mfuti zinkalira. Ndinawagwira malaya. "Kumeneko ayi, tiyeni kuno!" Anati kuchipatala kuli mayi amene wayamba kubereka, sangamusiye. Anandimenya pamkono ndi chikhatho. "Vai, Domingo, vai!" Nkhungu inawameza.

Tinatsika, tinawoloka. Anthu ankagwa m'madzi, ana akulira, ng'ombe zikuthamanga zosokonezeka. Nthawi ino amfutiwo sanaime pa sede, anatitsatira. Zipolopolo zinkadula nthambi pamwamba pathu. Ndinayamba chitunda, miyendo n'kugwira ngati ya munthu wina, amake Lusiya atawerama nane, mpweya wawo uli pakhosi panga.

Cha pakati, m'mbali mwa njira, munthu anali atakhala pansi atatsamira mwala, malaya ali pamimba, kukamwa kuli yasa. Anali a Jeremiya. Nkhope inali itachita phulusa. Anatambasula dzanja.

"Domingo, mbale wanga. Ndigwireni dzanja. Kungondidzutsa kokha."

Ndinaima. Ndinawagwira pamkono n'kukoka. Anadzuka theka, maondo n'kupindika, anatsala pang'ono kutigwetsa tonse atatu. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Kumtsinje kunamveka mawu a amuna akuitanizana m'chinenero chosakhala chathu. Ndinawauza kuti akwawire m'tchire abisale. Anagwira mwendo wa buluku langa. Ndinachotsa zala zawo chimodzichimodzi, ndipo ndinapita. M'nkhungumo ankaitanabe, "Domingo! Domingo!" Tinakwera, mawuwo akuchepa. Kenako analeka, osati mochepa pang'onopang'ono, koma mwadzidzidzi. Amake Lusiya anabisa nkhope pamsana panga, malaya anga n'kunyowa.

Sindinawatsitse mpaka dzuwa litapendeka, titawoloka malire, pamudzi wina pamene mayi wachilendo anatipatsa madzi m'chikho. Nditamasula lamba, mapewa anali atasupuka mpaka magazi, miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Koma ndinali chiimire. Tinakhala kutsidyako pamodzi ndi mwana wathu mpaka nkhondo itatha.

A Alberto sindinawaonenso. Ena amati anawaona pakati pa ogwidwa, atasenza bokosi la mankhwala, akulowera kumadzulo cha ku Macanga. Mtendere utabwera ndinayenda wapansi mpaka ku Chidzolomondo, mudzi ndi mudzi, kufunsa za mwamuna wa Chichewa chokhota wodziwa kutsuka zilonda. Ena ankati anamvapo, ena ankangotseka chitseko. Ngakhale manda sindinawapeze.

Tsono inu mwakhala apa, musanene kuti nkhondo inatha ndiye mimba ilibe mlandu. Chimene chikubwera kwa inu sichidzatumiza mayi ndi uthenga. Chidzakupezani muli pa njinga, kapena mukuweramira khasu, mbali imodzi ya thupi n'kungozizira, ndipo adzakunyamulani pachitseko ndi amuna ena. Musakadzilange ndi njala, mukapha ng'ombe zanu. Pitani mukadye, nyemba ndi masamba zichuluke, mtanda uchepe, botolo litsike. Mukanyamule kanthu kolemera pang'ono, mawa lake mupume, mkuja muwonjezere. Amene muli ndi tensau yokwera kwambiri, yambani mwafunsa a enfermeiro kuti muyambire pati. Ndipo mukagwa, monga ndinagwera ine pamaliro paja, m'mawa mwake mukadzuke.

Ine ndakalamba, koma m'mawa uliwonse mukandipeza kumtsinje, ndipo amene akufuna tidzakwere limodzi abwere, sindidzamuseka ngakhale akwere chokwawa. A Jeremiya ndinawagwira dzanja nthawi itatha kale, ndipo mpaka lero nkhungu ikagwa ndimawamva akuitana. Lanu nditha kuligwira bwino, koma litambasuleni lero, maondo akadali okhoza kukudzutsani. Mulungu amene anatiwolotsa tsiku lija akusungeni inu ndi amene mudzafunike kuwanyamula.